Mafunso a Awerengi: Msana Ukundiwawa Mpaka Kuphazi, Kodi Ndizingogona?

FUNSO: Ndine mayi wa zaka 68, ndimakhala ku Lifuwu m'boma la Salima, ndipo moyo wanga wonse ndakhala ndikulima mpunga ndi chimanga. Msana unayamba kundiwawa kalekale, koma tsopano ululu umayambira m'chiuno n'kutsika mwendo wakumanzere mpaka kuphazi, nthawi zina kubaya, nthawi zina dzanzi lokhalokha. Ndikayenda pang'ono ndimayenera kukhala pansi kapena kuwerama kuti ululuwo uchepe. Ana anga akuti ndisiye ntchito zonse ndizingogona, ndipo amandigulira Indocid ndi Brufen kugolosale, zomwe ndimamwa tsiku lililonse. Anzanga akuti ndikatemetse mphini poti mwina ndinaponda mankhwala kumunda. Kuchipatala china anangondipatsa Panado. Kodi ndichite chiyani?

Mayi wa ku Lifuwu, Salima

YANKHO: Mayi, pepani ndi ululuwo. Zimene mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi vuto la mtsempha umene wapanikizika m'munsi mwa msana, ngakhale kuti wotsimikiza ndi dokotala amene angakupimeni ndi manja. Msana wa munthu ndi timafupa tosanjikizana, ndipo pakati pa fupa ndi fupa pali kanyama kofewa konga mtsamiro. Munthu akamakula, kanyamaka kamauma n'kuphwa, mafupa amakhuthala m'mbali mwake, ndipo mpata umene mitsempha imadutsamo umachepa. Mtsempha waukulu wopita kumwendo umachokera m'munsi mwa msana, n'kudutsa m'thako ndi kuseri kwa ntchafu mpaka kuphazi, n'chifukwa chake ululu mukuumva m'mwendo pamene gwero lake lili kumsana. Kuwerama kumatsegulako mpata uja pang'ono, ndiye mumapeza mpumulo. Vutoli si lanu nokha ayi: bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization linanena kuti m'chaka cha 2020 anthu 619 miliyoni padziko lonse ankavutika ndi m'munsi mwa msana.

Musananene kuti ndi ukalamba chabe, mupite kuchipatala chachikulu cha boma ku Salima mukapimidwe bwinobwino, chifukwa pali matenda ena ochizika amene amabisala kuseri kwa msana wowawa. Chifuwa chachikulu sichigwira mapapo okha. Chimathanso kudya mafupa a msana, ndipo munthu amaonda, amatuluka thukuta usiku, thupi limatentha, mwinanso pamsana pamatuluka linunda. Mankhwala ake ndi aulere m'zipatala za boma. Inuyo mwakhala zaka zambiri mukuponda madzi a m'minda ya mpunga pafupi ndi nyanja, choncho muwauze adokotala zimenezi, popeza mazira a tizilombo ta likodzo nthawi zina amakafika mumtsempha wa mumsana, ngakhale kuti sizichitika kawirikawiri. Mupemphenso kuti akuyezeni shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Kwa amayi amene anasiya kusamba, mafupa amafooka moti fupa la msana likhoza kuphwanyika munthu atangogwa pang'ono, ndipo khansa nayo imatha kufalikira kumsana.

Pali zizindikiro zina zimene siziyenera kudikira tsiku la msika kapena kuti mwana atumize ndalama. Mkodzo ukatsekeka, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikayamba kutuluka zokha, mukamva dzanzi pakati pa miyendo ndi kumalo obisika, kapena mwendo ukafooka mpaka phazi kumakhukhuluzika pansi, mupite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mtsempha ukapanikizika motero kwa nthawi yaitali suchira.

Chimene chandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu ndi mapiritsi a kugolosale. Indocid, Brufen ndi diclofenac ndi mankhwala a mtundu umodzi, ndipo kumwa awiri pamodzi sikuwonjezera mphamvu yake koma kumawonjezera kuopsa kwake. Kwa munthu wa msinkhu wanu, kuwamwa tsiku ndi tsiku kumayambitsa zilonda za m'mimba zimene zimatha kutaya magazi, kumawononga impso mwakachetechete, ndiponso kumakweza kuthamanga kwa magazi. Ku Salima kumatentha, ndipo munthu akamataya thukuta kumunda osamwa madzi okwanira, impso zimavulala msanga ndi mankhwalawa. Mukaona chimbudzi chakuda bii kapena mukasanza magazi, asiyeni nthawi yomweyo mupite kuchipatala. Mankhwalawa ali ndi ntchito yake, koma ndi ya masiku ochepa pamene ululu wakula, mutadya kaye, komanso adokotala atavomereza. Panado musamunyoze: salimbana kwenikweni ndi ululu wa mitsempha, koma savulaza m'mimba ndi impso ngati enawo, bola musapitirire mapiritsi 8 a 500 mg patsiku, ndipo ngati thupi lanu ndi laling'ono muchepetsenso. Pa ululu wobaya ndi wotentha, adokotala nthawi zina amapereka amitriptyline wochepa womwa usiku. Mankhwalawa amatenga milungu ingapo kuti ayambe kugwira ntchito, ndipo amaumitsa m'kamwa ndi kuchititsa chizungulire, choncho podzuka usiku muzisamala kuti musagwe.

Ana anu akulankhula chifukwa cha chikondi, koma pa nkhani yongogona sindikugwirizana nawo. Kugona pamphasa tsiku lonse kumafooketsa minofu imene imachirikiza msana, mfundo zimauma, ndipo pakapita milungu munthu amadzuka ali wofooka kuposa kale. Malangizo amene World Health Organization inatulutsa mu 2023 okhudza msana wowawa kwa nthawi yaitali amalimbikitsa kulimbitsa thupi, ndipo salimbikitsa malamba omanga m'chiuno kapena mankhwala amphamvu a gulu la tramadol. Muziyenda mtunda waufupi m'mawa ndi madzulo kukazizira, kupuma ululu ukayamba, kenaka kupitiriza, ndi kuwonjezera mtunda pang'onopang'ono. Ndodo si chamanyazi. Muigwire ndi dzanja la mbali imene mwendo wake uli bwino. Ntchito zimene muyenera kusiyira ana ndi zidzukulu ndi kuwokera mpunga mutaweramira tsiku lonse, kusenza ndowa yodzaza kapena thumba la mpunga, ndi kusinja. Kusesa ndi tsache la mpini wautali, kupeta ndi kusadzula ndiwo mutakhala pampando woyedzamira, izi pitirizani. Ngati ana akufunadi kukuthandizani, ndalama ya mapiritsi ija aisunge akugulireni matiresi olimbako ndi mpando wokwera, popeza kudzuka kuchokera pansi ndiko kumazunza msana wa munthu wamkulu. Pogona mugonere nthiti, mutaika mtsamiro kapena chitenje chopinda pakati pa mawondo, ndipo kuthowa ndi nsalu yoviika m'madzi ofunda kumathandizadi.

Za mphini, ndikumvetsa chifukwa chake anzanu akuganiza choncho, pakuti ululu wotsika mwendo umodzi wopanda bala umadabwitsa. Komabe mtsempha wovutawo uli mkati mwenimweni mwa msana kumene lezala silifika, ndipo lezala logwiritsidwa ntchito pa anthu angapo limafalitsa HIV ndi matenda a chiwindi.

Kuchipatala mufunse za mafizo, kuti akuphunzitseni zolimbitsa msana zoti muzichita pakhomo. Akaona kuti n'kofunika, adzakutumizani ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe kumene kuli akatswiri a mafupa ndi mitsempha, koma amene amafunika opaleshoni ndi ochepa. Ndikuuzeni zoona: ululu wa zaka zambiri sukutha kwathunthu mwa anthu onse, koma mwa ambiri umachepa moti amagona tulo ndi kugwira ntchito zawo. Musasiye kupita kumapemphero, kumaliro ndi kokacheza, chifukwa nkhawa, kusowa tulo ndi kukhala wekha zimakulitsa ululu.

FUNSO: Ndine bambo wa zaka 61, ndinapuma ntchito yodula nzimbe ku Dwangwa. Msana suwawa kwambiri, koma mapazi onse awiri amatentha usiku moti ndimawaviika m'madzi. Kodi ndi nyamakazi?

Bambo wa ku Dwangwa, Nkhotakota

YANKHO: Bambo, mapazi akamatentha onse awiri mofanana kuyambira kuzala, nthawi zambiri vuto silichokera kumsana kapena m'mfundo, koma m'timitsempha ta m'mapazi momwemo. Choyamba kuyezetsa ndi shuga. Zinanso zimene zimawononga timitsemphati ndi mowa, makamaka kachasu, kuchepa kwa vitamini B12, kachilombo ka HIV, ma ARV akale okhala ndi stavudine amene anasiya kuperekedwa, ndi isoniazid wa chifuwa chachikulu, yemwe amaperekedwa limodzi ndi pyridoxine pofuna kuteteza mitsempha. Ngati muli pa mankhwala ena alionse musawasiye nokha, koma muwatenge popita kuchipatala cha boma ku Nkhotakota kapena ku St Anne's kuti akawaone. Pakadali pano musayende opanda nsapato, musaothe moto mutayandikitsa mapazi, ndipo madzulo alionse muziyang'ana kupansi kwa phazi ndi pakati pa zala, chifukwa phazi la dzanzi limatha kulasidwa ndi munga mwini wake osamva mpaka bala kukula.