Funsani Anamwino: Impso ndi ya mng'ono wawo, nanga fomu yoopsayi ndi ya chiyani?

Anamwino,

Amuna anga akhala pa makina osefa magazi, a dayalisisi aja, kwa chaka ndi miyezi inayi tsopano, katatu pa sabata. Mng'ono wawo wadzipereka kuwapatsa impso imodzi, ndipo madokotala akuti magazi awo akugwirizana. Koma sabata yatha atipatsa fomu yoti tisaine, tsamba lathunthu likunena za matenda amene angachokere kwa wopereka impso: HIV, matenda otupa chiwindi, TB, ndi china chake chomwe akuti CMV. Alamu angawo anayezetsa kale ndipo zonse zili bwino. Nanga akutiopsezeranji? Komanso alamuwo akhumudwa chifukwa anawatengera m'chipinda paokha n'kumawafunsa za anthu ogonana nawo. Amuna anga akuti tingosaina zithe. Ine mtima sukundilola.

Mayi wodera nkhawa

Mayi,

Mtima wanuwo umvereni. Musasaine musanamvetse, koma musathawenso impsoyo chifukwa cha tsamba limenelo. Ndiyambe ndi cholakwa changa, chifukwa n'chimene chinandiphunzitsa nkhaniyi.

Zaka zapitazo ndinawerengera bambo wina fomu ngati yanuyo. Ndinali ndi odwala ambiri pamzere, ndiye ndinathamanga nayo, mphindi khumi sizinakwane. Iwo ankangogwedeza mutu, cholembera chili kale m'manja. Opareshoni inayenda bwino. Patapita miyezi iwiri anabwera thupi lili moto, akutsegula m'mimba, atafooka moti mkazi wawo ndiye ankawamanga zingwe za nsapato. Inali CMV, kachilombo kamene kamadwalitsa munthu chitetezo cha m'thupi chikatsika. Mapiritsi oiteteza anali atawasiya, poganiza kuti pa mulu wonse wa mankhwala aja, amenewa ndi ongowonjezera. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Palibe anandiuza." Ndinawauza ndithu, koma sanamve, ndipo ine sindinafufuze ngati amva. Anachira, impso inapulumuka, koma kuyambira tsiku limenelo sindilola munthu kusaina asanandifotokozere m'mawu ake zimene wamva.

Tsopano funso lanu: ngati alamu anayezetsa, vuto lili pati? Mukukumbukira kuti munthu akayezetsa HIV n'kupezeka alibe, aphungu amamuuza kuti abwerenso pakapita nthawi? Chifukwa chake n'chakuti kachilombo kakangolowa kumene m'thupi, pamakhala masiku amene sikaoneka pa zoyeza. Zoyeza zina zimafufuza asilikali amene thupi limapanga polimbana nako, ndipo asilikaliwo amatenga masabata kuti aoneke. Pa matenda otupa chiwindi a mtundu wa C zimatha kupitirira miyezi iwiri. Palinso kuyeza kwina, kotchedwa NAT, kumene kumafufuza kachilombo kenikeniko. Kumeneku kumafupikitsa nthawi yobisalayo kufika pa sabata imodzi kapena ziwiri pa HIV ndi mtundu wa C, pomwe mtundu wa B umatha kubisala masabata angapo. Kumafupikitsa, koma sikuichotseratu.

Izi zinachitikapo. Mu 2007 ku Chicago, anthu anayi amene analandira ziwalo za munthu mmodzi womwalira anatenga HIV ndi mtundu wa C womwe, ngakhale magazi ake anaoneka abwino poyeza. Mu 2009 ku New York, munthu wina anatenga HIV kuchokera kwa wopereka impso wamoyo. Woperekayo anayezedwa masiku 79 opareshoni isanachitike ndipo analibe. Kachilomboko anakatenga pakati pa tsiku loyezetsa ndi tsiku la opareshoni. N'chifukwa chake malangizo a ku America a mu 2020 amati wopereka wamoyo ayezedwe mkati mwa masiku 28 opareshoni isanachitike, ndipo wolandira ayezedwenso pakatha mwezi ndi masiku. Choncho funso loyamba kwa adokotala likhale ili: alamu adzayezedwanso liti, ndipo ndi njira ya NAT?

Apa ndi pamene nkhani ya chipinda chija ikulowera. Kawauzeni alamu anu kuti sanawaganizire zoipa ayi. Aliyense wopereka impso amafunsidwa mafunso omwewo, kaya ndi mayi wopatsa mwana wake, chifukwa masiku amene zoyeza sizingaone, ndi pakamwa pa munthu pokha pamene pangawaulule. Amamufunsa payekha kuti amasuke, pakuti ndani angayankhe zoona mkulu wake ndi alamu ake ali pompo? Zimene anena m'menemo ndi chinsinsi chawo, ndipo ali ndi ufulu wobwerera m'mbuyo ngakhale tsiku lomaliza popanda kukufotokozerani chifukwa. Ndikupempheni, musawafunse zomwe anayankha. Munthu amene akupereka chiwalo chake wapereka kale zambiri.

Ndinene mosabisa: pa mayina onse ali pa fomuyo, HIV ndi imene imadumphitsa anthu mtima, koma kuitenga kudzera mu impso yoyezedwa bwino n'kosowa kwambiri. Dzina loti muliphunzire ndi lija simukulidziwalo, CMV. Akuluakulu ambiri tili nako kachilomboka, tinakatenga kalekale osadziwa, ndipo kamangogona m'thupi moyo wonse. Vuto limabwera chifukwa amuna anu adzakhala akumwa mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi, monga tacrolimus, kuti thupi lisakane impso yachilendoyo. Chitetezo chikatsika, zogona zimadzuka. Chiopsezo chimakula kwambiri ngati woperekayo ali nako pomwe wolandira sanakhalepo nako. Zikatero madokotala amapereka mapiritsi a valganciclovir, nthawi zambiri kwa miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi. Funsani zotsatira za onse awiri, ndipo muzilembe m'kabuku.

TB nayo imagona chimodzimodzi. Munthu amatha kukhala nayo osatsokomola n'komwe, ndiye onse awiri ayenera kufufuzidwa. Ndi bwino kuipeza opareshoni isanachitike, chifukwa rifampicin, mmodzi mwa mankhwala akuluakulu a TB, amachepetsa mphamvu ya tacrolimus m'magazi ndipo impso imatha kukanidwa. Malungo nawonso amatha kuyenda ndi chiwalo, choncho alamu anene ngati adwalapo posachedwa. Ndipo ngati amuna anu sanabaidwe katemera wa matenda otupa chiwindi a mtundu wa B, ino ndiyo nthawi yake, chitetezo chisanafooketsedwe.

China choti mudziwe: kupezeka kwa kachilombo sikuti nthawi zonse kumatseka khomo. Mtundu wa C masiku ano umachizika ndi mapiritsi m'masabata 8 mpaka 12. Ndipo mu 2008, dokotala Elmi Muller wa pachipatala cha Groote Schuur ku Cape Town anayamba kuika impso za anthu omwe anali ndi HIV mwa odwala omwe ali nayo kale, zinthu zomwe ambiri ankati n'zosatheka.

Amuna anu ndikuwamvetsa. Munthu amene wagona pa makina maola anayi, katatu pa sabata, akuwerengera madzi akumwa ngati mankhwala, angasaine chilichonse. Komabe paja amati safunsa anadya phula. Fomuyo si yoti achipatala asambire m'manja zinthu zikavuta. Kusaina kwake kukutanthauza kuti munthu wayika zoopsa ziwiri pamuyeso n'kusankha. Ndipo mbali inayo ya muyesowo muione bwino, chifukwa kukhalabe pa dayalisisi nakonso kuli ndi zoopsa zake: matenda olowera pamalo olumikizira makina, komanso mtima umene umatopa chaka ndi chaka. Kwa anthu ambiri oyenera opareshoniyi, impso yatsopano imawapatsa zaka zambiri kuposa makina. Akanakhala mbale wanga ndikanamuuza kuti ailandire, koma atamvetsa.

Pemphani tsiku lina lokambirana, mupite nonse awiri ndi fomuyo mutailemba mizere pomwe simukumva. Ngati chinenero chikuvuta, pemphani womasulira, ndi ufulu wanu. Alamu adzisamale kuyambira lero mpaka tsiku la opareshoni: kondomu, osabwerekana malezala, osabaidwa jakisoni pamalo osadziwika. Ndipo musanatuluke m'chipindamo, tengani nambala yoimbira usiku. Pambuyo pa opareshoni, thupi la amuna anu likatentha kufika pa madigiri 38, muziimba tsiku lomwelo, osadikira kuti kuche.