Sindidziwa kusambira, ndikatani ku Likoma?

Mayi wina wanditumizira imelo. Anzake a kuntchito akonza zokapuma ku Likoma, iye sadziwa kusambira, ndiye akufunsa ngati kupitako sikungotaya ndalama. Achemwali, mwandikanda pachilonda, chifukwa inenso madzi amene ndimagwirizana nawo ndi a m'beseni basi.

Ndinakulira ku Dedza, kumapiri, komwe mtsinje ukadzaza amayi ankatitsekera m'nyumba. Mwana wotero akaphunzirira kuti kusambira? Tsiku lomwe ndinakwera Ilala ku Nkhata Bay ndi anzanga a kukoleji, mtima unali m'mwamba. Sitimayi inayamba kuyenda mu 1951, ndipo nthawi imene ife tinkapita inkaima patali ndi gombe, anthu n'kumatsikira m'maboti ang'onoang'ono pamodzi ndi matumba a chimanga, makatoni a sopo ndi njinga. Ndinakakamira mkono wa bambo wina wosamudziwa mpaka phazi litaponda mchenga. Anzanga anaseka mpaka kugwira nthiti.

Kutacha onse anathamangira kunyanja kukaona mbuna, tinsomba tamitundumitundu tokhala m'miyala. Ine ndinavala nsapato n'kulowera kumtunda, mwina chifukwa cha manyazi. Njira zake zimakhotakhota pakati pa milambe ikuluikulu ndi mitengo ya mango. Pena ndinapeza amayi akuyanika chinangwa choviika pamiyala, fungo lake lija lowawasa likumveka patali. Kugombe usipa uli mbuu pathandala, asodzi atakhala pamthunzi akusoka chilimira, singano ili m'manja nkhani zili pakamwa. Gogo wina anandiitana kuti ndipumeko, n'kundifunsa za kwathu ngati ndine mdzukulu wake wotayika.

Kenako ndinatulukira pa tchalitchi cha St Peter. Achemwali, chinyumba chimenechi mukachiona pakachilumba kakang'ono chonchi mudzadabwa. Amishoni a UMCA, a mpingo wa Anglican, anayamba kuchimanga mu 1903 n'kumaliza mu 1911. Pamalopo amapatcha Chipyela, chifukwa kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Mishoni yomweyi ndi imene inachititsa kuti Likoma ndi Chizumulu zikhale za Malawi ngakhale zili m'madzi a Mozambique. Mukakwera kaphiri kalikonse, mapiri a tsidya lija amaoneka pafupi kwambiri, ndi katauni ka Cobue komwe.

Tsono ndinene mosapsatira. Otsatsa zokopa alendo atiwononga maganizo. Chithunzi chilichonse cha Likoma ndi mzungu ali m'kabwato, kapena miyendo iwiri pamchenga. Mmalawi wa kumtunda akaona zimenezo amati izi si zanga, n'kukathera tchuthi chake pa khonde. Chonsecho pachilumbapo pali midzi, sukulu, chipatala, msika, mabwalo a mpira, anthu obadwira pomwepo amene sakhalira kusambira tsiku lonse. Anzanga aja anabwerako ali akuda bii ndi dzuwa, koma mutawafunsa dzina la mudzi umodzi wa ku Likoma sangakuuzeni. Kwa ine, amenewo anafika kunyanja, ku Likoma sanafike. Andikwiyire ngati akufuna.

Zoti mukachite

Choyamba funsani ngati kuli malipenga. Guleyu anachokera ku pelete ya asilikali a nthawi ya atsamunda, n'chifukwa chake amuna amavina atavala zoyera, makabudula ositidwa bwino, masokosi ofika m'mawondo, akuliza malipenga a zikho. Amayi nawo ali ndi chioda chawo. Zimandipweteka kuti ana athu a m'tauni amadziwa magule a pa TikTok koma malipenga sanawaonepo, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina, ndingayambane ndi alamu anga.

Zinazo n'zapafupi. Chilumbachi ndi cha ma sikweya kilomita 18 okha, mutha kuyenda pansi kuchoka ku Mbamba mpaka ku Makulawe kapena ku Nkhwazi. Nyamukani m'mamawa dzuwa lisanakwiye, mutenge chipewa, madzi akumwa ndi nsapato zolimba chifukwa kuli miyala. Ndalama zikhale za m'manja. Lamulungu mukalowe m'tchalitchi mumve kwaya, ngakhale muli a mpingo wina. Musajambule munthu musanamupemphe. Ndipo akakuikirani kondowole ndi nsomba ya batala, musambe m'manja bwinobwino n'kutema mbamu zazing'ono, chifukwa amamata zala.