Mabikoni alipo kale, nanga saveya wachiwiri ngwachiyani?

Kalata ya lero yachokera kwa mayi wina amene akugwira ntchito ku Johannesburg. Ndaifupikitsa pang'ono:

"Ndinagula poloti ku Blantyre, cha ku Mpingwe, pamalo otsetsereka ndithu. Mabikoni anaikidwa, deed plan ndili nayo. Pulani ya nyumba ndinaitenga kwa mnzanga amene anamanga ku Area 49 ku Lilongwe. Tsopano amene ndamupempha kuti aikonze n'kukaipereka ku khonsolo akuti ndiyambe ndalipira saveya akachite topo. Kodi si kundidyera ndalama kumeneku poti ndili kutali? Malowo anayezedwa kale."

Mayi, kukayika kwanuko n'komveka. Aliyense womanga ali kunja amadziwa kuti foni ya kumudzi ikalira ndiye kuti pakufunikanso ndalama. Koma pa ichi chokha munthuyo sakukudyerani. Ine ndikanamukayikira akanangolandira pulani ya ku Area 49 ija n'kunena kuti zonse zili bwino.

Saveya amene anaika mabikoni, zizindikiro za m'makona a poloti zija, ankafuna kudziwa chinthu chimodzi: malo anu ayambira pati, athera pati. Taitsegulani deed plan yanuyo. Muona mizere ya malire, kutalika kwa mbali iliyonse, mayina a mabikoni ndi kukula kwa malo. Simupezapo pamene akunena kuti kona ya kumtunda yakwera mamita angati kuposa ya kumunsi. Papepala limenelo poloti ya paphiri ndi ya kudambo zimaoneka chimodzimodzi. Topo ndiyo imayeza kukwera ndi kutsika kwa nthaka, komanso zonse zimene zili pamalopo.

Saveya amabwera ndi makina oimika pa miyendo itatu, aja mumawaona m'mbali mwa msewu ukamakonzedwa, otchedwa total station, kapena GPS ya akatswiri, osati ya m'foni. Womuthandiza amayenda ndi ndodo ya kagalasi pamwamba, kuima apa, kuima apo, mwina pa mamita 5 kapena 10 aliwonse, komanso paliponse pamene nthaka yasintha: pamwamba pa chulu ndi patsinde pake, pathanthwe, m'mphepete mwa kangalande, pakati pa msewu. Malo aliwonse amapatsidwa nambala ya levulo yake. Kenako pakompyuta amalumikiza malo a levulo yofanana ndi mizere yokhotakhota, makontuwa, kawirikawiri pa theka la mita lililonse. Mizereyo ikathithikana ndiye kuti n'potsetsereka kwambiri, ikatalikirana ndi posalala. Wojambula pulani akaiona amadziwa malowo ngakhale asanapondepo.

Tiwerengere limodzi kuti muone pamene ndalama zimalowera. Tinene kuti poloti yanu imatsika mita imodzi pa mamita 10 aliwonse. Kumeneku si kutsetsereka koopsa, ndipo ndi maso mukhoza kunena kuti ndi pang'ono chabe. Nyumba ya mnzanuyo tinene kuti ndi mamita 15 m'litali ndi 10 m'lifupi, ndipo mwaigoneka motsata kutsikako. Kuchokera kumtunda kufika kumunsi nthaka yatsika mita imodzi ndi theka. Pansi pa nyumba payenera kukhala pa levulo imodzi, choncho kumunsiko mmisiri amanga mizere ya mabuloko a simenti pafupifupi 7 asanafike n'komwe pamene simenti ya pansi idzathiridwe. M'katimo muyenera kudzazidwa dothi loposa makiyubiki mita 110. Ngati tipala ikunyamula 7 pa ulendo, ndiye maulendo 16, ndipo dothilo liyenera kutsenderedwa pang'onopang'ono, osati kungolikhuthula. Likapanda kutsenderedwa, pakatha mvula ziwiri kapena zitatu matailosi amayamba kulira m'kati mukamaponda, kenako mng'alu. Zonsezi pa pulani ya ku Area 49 palibe, chifukwa inajambulidwira malo ena. Ndiye chifukwa chake mumamva anthu akuti "fawundeshoni yokha yandidyera ndalama za nyumba yonse".

Wojambula akakhala ndi topo asanayambe, ali ndi pothawira. Akhoza kuitembenuza nyumbayo kuti mbali yaitali itsate kontuwa, kusiyana kuja n'kutsika kufika pa mita imodzi. Akhoza kukumba kumtunda n'kudzaza kumunsi ndi dothi lomwelo, tipala osaitanidwa. Kapena kuigawa pa malevulo awiri, zipinda zogona kumtunda, masitepe ochepa, balaza kumunsi. Ine ndimakonda njira ya kuika galaja kapena sitolo pansi kumunsiko, chifukwa khoma lalitali lija mukulilipira kale, ndiye bola likhale chipinda kusiyana n'kulidzaza dothi.

Nkhani yaikulu kuposa yonse ndi madzi. Pamalo otsetsereka madzi a mvula a anzanu onse a kumtunda amadutsa pa inu, ndipo akamanga mipanda n'kuwaka pabwalo, madziwo amatulukira pabowo limodzi mwamphamvu. Muyenera kudziwa pamene akulowera ndi kumene mudzawatulutsire musanasankhe pomanga. Madzi a m'chimbudzi nawonso sakwera phiri. Paipi ya suweji imafuna kutsika, amisiri ambiri amaika mita imodzi pa mamita 40, ndipo sepitiki thanki iyenera kukhala kumunsi kwa nyumba, pamalo oti galimoto yopopa ifikepo. Ngati msewu uli kumtunda kwa poloti, funso lina ndi la geti: kodi galimoto idzatsika bwanji osakhula pansi, ndipo madzi a mumsewu sadzalowa nayo limodzi mpaka m'galaja?

Koma ndisakunamizeni kuti topo imathetsa zonse. Imaona pamwamba pokha. Siikuuzani ngati pansi pali makande otupa ndi mvula n'kung'ambika m'chilimwe, kapena ngati phirilo likhoza kugumuka. Tonse tinaona zimene zinachitika ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche mu Marichi 2023, nthawi ya namondwe Freddy, matope ndi miyala zitatsika usiku. Ngati poloti yanu ili pansi penipeni pa phiri kapena m'njira ya madzi, pakufunikanso injiniya akumbe maenje aone dothi. Khoma lotchinga dothi likakhala lalitali, alijambule iyeyo, osati mmisiri ndi thwaini wake.

Kunena za khonsolo, lamulo la Physical Planning Act la 2016 limafuna kuti mupeze chilolezo musanamange m'malo ngati mzinda wa Blantyre. Pamodzi ndi pulani ya nyumba mumaperekanso site plan, yoonetsa pamene nyumbayo ikhale pa polotipo, mpata umene mwasiya kuchokera kumalire ndi kumsewu, polowera galimoto, sepitiki thanki ndi ngalande. Site plan yongoganizira ali mu ofesi ikhoza kudutsa, koma tsoka lake limaonekera pokumba, mukapeza kuti khonde lagwera pansi pa mawaya a ESCOM kapena pamwamba pa paipi ya Blantyre Water Board. Kusintha pamenepo ndi kujambulanso, nthawi zina kubwereranso ku khonsolo. Mnzanu uja mwina sanachite topo ndipo sizinamuvute, chifukwa pamalo osalala malevulo ochepa a mmisiri ndi kapaipi kake ka madzi koyezera levulo amakwanira. Kwa inu ayi.

Mtengo umatengera kukula kwa malo, thengo limene lilipo ndi mtunda umene saveya ayende, choncho funsani kwa awiri kapena atatu, ndipo akhale olembetsedwa mwalamulo. Mukamagwirizana naye, muuzeni ayambe wapeza mabikoni onse n'kutsimikiza kuti ali pamalo ake. Mabikoni amazulidwa polima, ena amasunthidwa dala, ndipo mwini wake akakhala ku Johannesburg mpanda wa neba umakula msanga. Ayeze mpaka kunja kwa malire pang'ono, msewu, ngalande yake ndi pansi pa mipanda yoyandikana nayo, osati m'kati mokha. Aonetse mitengo ikuluikulu, mapolo ndi mamanihoro, maenje ovundikira aja oonera mapaipi a pansi pa nthaka. Asiyenso chizindikiro cholimba, kachitsulo kokhomera mu simenti pakona imene sipadzakumbidwa, n'kulembapo levulo yake, kuti mmisiri adzayambire pomwepo. Popanda chimenechi manambala onse aja amangothera papepala.

Akamaliza akutumizireni inuyo mafayilo awiri, la PDF loti muone pafoni ndi la DWG loti wojambula agwiritse ntchito, ndipo onse muwasunge nokha chifukwa mudzawafunanso pomanga mpanda kapena nyumba ya kuseri. Saveya asanapite, tumizani kandalama wachibale atchetche udzu, makamaka ngati ndi mvula itangotha. Pulani ya mnzanuyo musaitaye, mupatseni wojambulayo aone zipinda zimene mwazikonda, koma mumulole aisinthe akaona makontuwa.