Kodi ndalama zawononga basketball ya m'makoleji a ku America?

Pali m'bale wathu wina wanditumizira imelo sabata ino, akuti iyeyo March Madness, mpikisano waukulu wa basketball ya m'makoleji a ku America, wakhala akuonera kwa zaka zambiri koma pano zayamba kumubowa chifukwa anyamata akungosinthasintha matimu chaka ndi chaka kuthamangira makobidi, ndiye akufunsa kuti kodi sizinali bwino kale lija mwana ankasewerera sukulu yake basi osalandira kanthu? Achimwene zikomo polemba, koma apapa ine sindikugwirizana nanu.

Kale mukulisiliralo ndalama zinalipo, zambiri zedi, kungoti sizimafika kwa osewera. Mu 2010 bungwe la NCAA, lomwe limayendetsa masewero a m'makoleji, linasainirana ndi makampani a TV a CBS ndi Turner mgwirizano wa madola 10.8 biliyoni kuti azionetsa mpikisanowu kwa zaka 14, makochi otchuka akulandira mamiliyoni, koma mwana amene akukhetsa thukuta pabwalo amangopatsidwa sikolashipu, ndipo akangolandira kandalama chifukwa chosainira jezi amatha kumuletsa kusewera. Ed O'Bannon amene anatenga chikho ndi yunivesite ya UCLA mu 1995 anadzadziona mu gemu ya pa vidiyo ya EA Sports, nambala 31 yake yomweyo, kuponya ndi dzanja lamanzere ngati iye, koma sanamupemphe chilolezo, sanamupatse olo tambala. Mu 2009 anakasuma kukhothi. Inuyo zikanakuchitikirani mukanangokhala chete?

Kuyambira pamenepo NCAA yakhala ikungoluza milandu. Mu June 2021 majaji onse 9 a khothi lalikulu la America anaigamula yolakwa pa mlandu wa Alston wokhudza malire a zomwe sukulu ingapatse osewera pa maphunziro awo, ndipo pa 1 July chaka chomwecho osewera analoledwa kupanga ndalama ndi dzina lawo komanso zithunzi zawo, zija amati NIL. Kenako mu June 2025 jaji Claudia Wilken anavomereza mgwirizano wothetsa mlandu wina wa osewera wotchedwa House, ndiye pano sukulu imatha kulipira yokha osewera ake, mpaka pafupifupi madola 20.5 miliyoni m'chaka choyamba cha 2025-26 pamasewero onse a pasukulupo.

Pomwe mukunena zoona ndi pa nkhani yosamukasamukayi. Kale munthu ukasintha sukulu umakhala panja sizoni yonse, pano ungolowa mu transfer portal, m'ndandanda wa osewera ofuna kusamuka, basi sizoni yotsatira uli kwina, ndipo amene akupwetekeka kwambiri ndi matimu ang'onoang'ono chifukwa akangophunzitsa mwana n'kuyamba kuwala, sukulu zolemera zimabwera kudzamutenga. Mu 2025 matimu onse anayi otsiriza a March Madness, Florida, Houston, Duke ndi Auburn, anali ma nambala wani a zigawo zawo, zomwe zinali zitachitikapo kamodzi kokha mu 2008. Tony Bennett, kochi amene anapatsa Virginia chikho mu 2019, anatula pansi udindo mu October 2024 n'kunena poyera kuti mmene zinthu zikuyendera pano iye sakukwanamo. Zimenezi inenso zimandiwawa.

Koma taonani za Saint Peter's mu 2022, kasukulu kakang'ono ka ku Jersey City kaja kanagwetsa zimphona Kentucky ndi Purdue mpaka kufika mu matimu 8 otsiriza. Patangopita masiku ochepa kochi wawo Shaheen Holloway ananyamuka ulendo wa ku yunivesite ina ya Seton Hall, anthu n'kumuombera m'manja kuti wakwezedwa pantchito, koma anyamata monga Doug Edert atachokanso ena anayamba zoti ana a masiku ano alibe chikondi ndi sukulu zawo. Bwanji lamulo la kukhulupirika lizigwira mwana wa zaka 20 yekha pamene bambo wamkulu wolandira mamiliyoni akuyenda mmene akufunira?

Kwa ine vuto ndi loti akulipira anthu koma akukanabe kuwatchula kuti ndi antchito. Ku NBA, ligi yaikulu ya basketball ku America, kuli bungwe la osewera, amakhala pansi ndi eni matimu n'kugwirizana malamulo, munthu akasaina kontilakiti ya zaka zinayi aliyense amadziwa kuti sangangochoka mmene wafunira. Ku koleji kulibe zimenezo, ndiye lamulo lililonse lomwe NCAA ingayike wina amangothamangira kukhothi n'kuligwetsa. Akanalola makontilakiti a zaka ziwiri kapena zitatu okambirana ndi osewera eniake, kusamuka mukudandaulaku kukanachepa, ndipo sukulu yaing'ono ikanamalandirako kenakake mwana wake akatengedwa.

Chinanso chomwe ambiri sachitchula ndi ana athu ochokera kuno ku Africa. Ambiri amalowa ku America ndi viza ya sukulu ya F-1 yomwe simalola kugwira ntchito mwachisawawa, ndiye za NIL zimawavuta. Oscar Tshiebwe wa ku DR Congo anali wosewera wabwino kuposa onse m'makoleji mu 2022 ali ku Kentucky, koma zojambulitsa malonda ake anachita kukapangira ku Bahamas timu yake itapita kumeneko, pamene anzake a timu imodzi amangosaina ali kuchipinda kwawo. Ngati pali choti mukwiye nacho achimwene, ine ndikanakonda muyambire pamenepa.