Maluwa a ukwati musachite nawo zoyesera

Achemwali, funso lanuli, loti kodi mupatse msuweni wanu ntchito yokonza maluwa a ukwati wanu kuti mupulumutse ndalama, landikumbutsa zowawa. Msuweni wanuyo ngati sanaphunzire ntchitoyi, muuzeni mwaulemu kuti athandize kuveka mipando ndi kupachika nsalu, koma maluwa enieni, makamaka onyamula mkwatibwi, apatseni munthu amene anachita kuphunzira. Ndalama mukufuna kupulumutsayo ine ndinaipulumutsapo, ndipo mpaka lero zithunzi za ukwati wa mng'ono wanga sinditha kuziyang'ana kawiri.

Ukwati unali mu Okutobala. Anzanga a mu Lilongwe muno mukulidziwa dzuwa la mwezi umenewu, m'mawa ndithu thukuta lili kamukamu. Ineyo ndiye ndinali wapampando wa komiti ya zokongoletsa. Panabwera mitengo iwiri. Wina unali wa mayi amene ali ndi shopu yake ndipo anapita kusukulu ya zamaluwa, wina wa mtsikana wa pa Facebook amene anatchula pafupifupi theka. Zithunzi za pa peji pake zinali zokongola zedi, kenako tinadzamva kuti zinali za eni ake, anangozitola pa intaneti. Dipoziti ndinamutumizira mtsikanayo usiku womwewo.

Loweruka lija sindidzaliiwala. Mkwatibwi ankavalira kwa azakhali ku Area 25, ku tchalitchi timayenera kulowa 9 koloko. Tinagwirizana kuti maluwa afika 6. Inakwana 7, foni ikungoitana. Cha m'ma 8 ndi pamene Sienta inaima pageti, mtsikana uja n'kutsika akutafuna chingamu, osapepesa n'komwe. Atatsegula kumbuyo ndinamva fungo ngati la ndiwo zamasamba zogona. Maluwa anali m'katoni, opanda ngakhale dontho la madzi. Marozi onse atagwetsa makosi, m'mphepete mwake mutapsa, ukangokhudza timasamba tikuyoyoka m'manja. Nditamupanikiza anavomera kuti anawatenga Lachitatu, n'kuwaika kukhitchini pambali pa dengu la nthochi ndi tomato.

Koma chimene chinandiswa mtima si chimenecho. M'maluwa a mkwatibwi anaikamo ma lily oyera, aja okhala ndi timitu ta ufa wachikasu pakati. Mng'ono wanga posafuna kukhumudwitsa anthu anangowalandira n'kuwakumbatira pachifuwa kuti ajambulitse. Atawachotsa, diresi yoyera ija pachifuwa ponse pali chikasu ngati wathirapo kale wothira m'ndiwo uja. Azakhali mwachifundo anathamangira kansalu konyowa n'kuyamba kupukuta. Ayi ndithu, ndi pamene banga linafalikira mpaka m'chiuno, n'kulowerera m'nsalu. Mwana uja anangokhala pansi pabedi n'kuyamba kulira mosatulutsa mawu, zodzola zonse zikutsika ndi misozi. Amayi anaima pakhomo atagwira pakamwa, sananene kanthu, ndipo kukhala chete kwawoko kumandipwetekabe. Uku ankhoswe akuimba foni kuti abusa akudikira, ukwati wina uli pambuyo pathu. Diresiyo inali yobwereka, tinalipiranso.

Ndiye mtsikana uja akuti chiyani? "Aunt, maluwa achilengedwe amakhala choncho." Kenako n'kufunsa ndalama yake yotsala, pomwepo, mkwatibwi akulira! Anthu ena alibe chisoni. Ukudziwa kuti ntchito suitha, ukulandiriranji ndalama ya tsiku limene munthu sadzalibwerezanso? Madzulo ake anandibuloka, ndipo ndikumva kuti anangosintha dzina la peji, akupitirizabe kuliza ena.

Anatipulumutsa ndi mayi wina wa Mvano amene amakonza maluwa kuguwa Lamulungu lililonse. Anaitanitsa ndowa ya madzi ndi mpeni wakuthwa, n'kudula mapesi onse mopendeketsa, n'kuwamiza. Ochepa anadzuka. Otsalawo anawasakaniza ndi masamba a mpanda wa aneba, n'kumanga kamtolo kakang'ono. Banga lija analibisa ndi velo, anaikokera kutsogolo n'kuimanga ndi mapini. Tinalowa m'tchalitchi mochedwa ndi ola lathunthu.

Chaka chotsatira pa chinkhoswe cha mchimwene wanga ndinapita kwa mayi wa shopu uja, amene ndinamukana poyamba. Apo ndi pamene ndinaona kuti ndalama ija umalipira chiyani. Marozi ake amaitanitsa ku Kenya, amabwera pa ndege n'kutsikira ku Lumbadzi, ndipo iye amawerengera masiku kuti adzafike liti kuti pa tsikulo akhale atangomasula. Akafika amadula mapesi, kuchotsa masamba onse amene angamire m'madzi chifukwa ndi amene amaoletsa madziwo, kuwaika m'ndowa zotsuka bwino, m'chipinda chozizira. Anandiuza kuti zipatso zakupsa zimatulutsa mpweya umene umakalambitsa maluwa msanga, nthochi zija ndinazikumbukira nthawi yomweyo. Timitu ta lily amatithothola duwa likangotseguka, ndipo ufawo ukagwera pa nsalu sufuna madzi, umangoumata ndi selotepi n'kukoka. Ngakhale siponji yobiriwira ija amabayapo maluwa, akuti suikankhira m'madzi, umaisiya imire yokha, apo ayi m'kati mumatsala mouma. Ine ndinkafuna ma hydrangea, iye anakana poyera kuti sapirira kutentha, tinaika ma carnation ndi ma chrysanthemum. Anakhala sabata yathunthu patebulo kwa amayi. Munthu wongofuna ndalama akanangovomera.

Komabe ndinene zoona, pepala lokha musalikhulupirire. Masiku ano satifiketi aliyense atha kusindikiza, ndipo mayi wa Mvano uja alibe pepala lililonse koma manja ake ndi odala. Pitani mukamuone munthuyo akugwira ntchito pa ukwati wa ena, Loweruka m'mawa, osati pa zithunzi. Mufunseni kuti maluwa awatenga tsiku liti, akawasunga pati, magetsi akazima atani. Akayamba kuzungulira poyankha, nyamukani. Dipoziti isapitirire theka, ndipo zonse mwagwirizana mulemberane, ngakhale pa WhatsApp pomwepo.

Ndiponso ngati thumba lavuta, mu holo ikani apulasitiki basi. Nthawi ya pelekanipelekani anthu maso amakhala pa mbale ya ndalama ndi pa gule, palibe amene amakanunkhiza maluwa a patebulo. Amenewo msuweni wanu atha kuika, sakhumudwanso kuti mwamutaya. Enieniwo gulani a mkwatibwi, a operekeza ndi a kuguwa okha, kwa wodziwa.

Ukwati wanu mwati ndi liti? Ngati ndi Okutobala kapena Novembala ndipezeni ku inbox lero lomwe, tikambirane bwino. Ndipo ma lily asayandikire diresi musanaone ndi maso anu kuti timitu tija tachotsedwa.