Mwana akakomoka ali pa liwiro, musamati ndi njala

Mayi wina wandilembera imelo sabata yathayi. Mwana wawo ali ku koleji ku America pa sikolashipu ya basketball. Mwezi watha, akuthamanga ndi mnzake madzulo, anagwa n'kukomoka kwa kanthawi. Iye akuti sanadye bwino tsikulo, ndipo wawaletsa mayi akewo kuuza aliyense poopa kuchotsedwa mu timu. Funso lawo n'lakuti, "Ndimumvere, kapena ndikungokokomeza?"

Mayi, simukukokomeza. Ndinawerenga imelo yanu kawiri kenako ndinatseka laputopu, chifukwa munandibwezera kumene sindifuna kubwererako.

Ndili Fomu 3, ndinkaphunzira sukulu yogonera komweko limodzi ndi msuweni wanga, mwana wa amalume. Anali wamtali, wa manja ngati mitengo ya bulugamu, ndipo pasukulu yonse ndi iye yekha amene ankadumpha n'kugwira chitsulo choponyeramo mpira chija. Bwalo lathu linali la simenti yong'aluka, udzu utamera m'ming'alumo. Teremu yoyamba anagwapo kamodzi tikusewera. Anadzuka akuseka, akuti nsima ya nyemba ya pasukulu sikhalitsa m'mimba. Tinamugulira mandasi awiri kuseri kwa mpanda, nkhani n'kuthera pomwepo. Ine sindinauze amalume. Anandipempha kuti ndisanene, ngati mmene mwana wanu wakupempherani.

Teremu yachiwiri, Loweruka masana, anaponya mpira n'kuyamba kuthamanga kubwerera kumbuyo. Palibe anamukhudza. Anangogwa chafufumimba, osatsogoza n'komwe manja. Miyendo inagwedezeka, ndipo ankakoka mpweya mwa apo ndi apo ngati munthu wochita nkonono. Wina anakuwa kuti "Khunyu!" ndipo anthu anafutukira kutali, pajatu ambiri tinakula tikuuzidwa bodza lakuti khunyu n'lopatsirana. Ena anavula malaya n'kumamukupiza. Ine ndinathamangira kumpope ndi chigubu. Ndimakumbukirabe mmene madziwo ankayenderera pa simenti kulowa m'ming'alu, iye ali phee. Pamene galimoto inkapezeka, zonse zinali zitatha. Kumaliro anthu ankanong'onezana za ufiti, ati mnyamata wamphamvu chotere sangafe chonchi popanda dzanja la munthu.

Panapita zaka ndisanadziwe kuti kugwedezeka kuja ndi kukoka mpweya kuja n'zimene thupi limachita kawirikawiri mtima ukangoima. Ankafunika munthu womupsinja pachifuwa. Ine ndinamubweretsera madzi.

Ndinazimvetsa izi nditawerenga za Hank Gathers. Mnyamatayu, wa ku Philadelphia, ankasewerera koleji ya Loyola Marymount ku Los Angeles, ndipo m'chaka cha masewero cha 1988 mpaka 1989 anaposa osewera onse a m'makoleji akuluakulu a ku America pogoletsa komanso potola mipira yodunda pachitsulo. Pa 9 Disembala 1989 anagwa akukonzekera kuponya mpira pa masewero ndi UC Santa Barbara. Madokotala anapeza kuti mtima wake umathamanga mosokonekera akamalimbitsa thupi, ndipo anamupatsa mankhwala otchedwa Inderal. Mankhwalawo ankamufoola, sankasewera monga kale, ndipo mlingo wake unachepetsedwa. Pa 4 Malichi 1990, akusewera ndi Portland pabwalo lakwawo, anadumpha n'kulowetsa mpira ndi mphamvu, anthu n'kuimirira kukuwa. Akubwerera chapakati pa bwalo anagwa. Anamwalira tsiku lomwelo ali ndi zaka 23. Atamupima anapeza kuti mnofu wa mtima wake unali ndi matenda. Mnzake wa kuubwana, Bo Kimble, pa mpikisano wotsatira ankaponya mpira wake woyamba wa chilango ndi dzanja lamanzere pomukumbukira.

Taonani, Mayi: kugwa koyamba, kudzuka, kubwerera m'bwalo, kugwa kwachiwiri. Ku Los Angeles ndi kusukulu kwathu kuja, njira yake inali imodzimodzi.

Apa ndiye ndilankhule mosabisa. Ndimanyansidwa ndi mmene timalerera anyamata pa nkhani ya ululu. Mwana akati chifuwa chikundiwawa, timati limba mtima, chonsecho wodwalayo ndi mtima womwewo. Kochi akaona mnyamata wagwira maondo akupuma movutikira amati ulesi. Ndiye muwonjezerepo sikolashipu, ndalama za ndege zimene banja lonse linasonkherana, abale kumudzi amene akunena kale kuti mwana wathu adzasewera mu NBA, ligi yaikulu ya basketball ku America. Mwana wa zaka 19 asenze zonsezi, mukuganiza kuti angapite yekha kukadzinenera? Sangapite. N'chifukwa chake chinsinsichi wakusungitsani inu, ndipo n'chifukwa chake simuyenera kuchisunga.

Enanu amene simutsata basketball mukukumbuka wosewera mpira wamiyendo Marc-Vivien Foé wa Cameroon, amene anagwa pakati pa bwalo ku Lyon mu Juni 2003 akusewera ndi Colombia, osadzukanso. Mukukumbukanso Christian Eriksen wa Denmark, amene anagwa ku Copenhagen mu Juni 2021, koma achipatala anafika msanga, kumupsinja pachifuwa ndi kumudzidzimutsa mtima ndi makina a magetsi pabwalo pomwepo. Iye anabwereranso kumpira. Choncho si za basketball yokha. Komabe ofufuza a ku University of Washington atawerengetsa imfa za osewera a m'makoleji a ku America, anapeza kuti mwa osewera onse, pafupifupi mmodzi pa 50,000 amafa mwadzidzidzi ndi mtima pa chaka, pamene kwa anyamata a basketball a m'gawo lapamwamba ndi pafupifupi mmodzi pa 5,200. Anapezanso kuti osewera akuda ali pa chiopsezo chachikulu kuposa azungu. Mwana wanu ali m'magulu onse awiriwa.

Matenda ake ndi osiyanasiyana. Kwa ena mnofu wa mtima umakhuthala mopitirira, ndipo izi zimayenda m'magazi a banja. Ena anabadwa ndi mtsempha wodyetsa mtima utatulukira pamalo olakwika, moti umapanikizika munthu akathamanga kwambiri. Ena mtima umatupa pambuyo pa matenda a kachilombo, ena vuto lili m'magetsi a mtima mwenimwenimo. Onsewa amatha kubisala mwa munthu wooneka wathanzi kuposa aliyense m'kalasi mwake. Anthu a kumaliro aja izi sankazidziwa, ndipo sindiwaimba mlandu, koma kunena za ufiti kunachititsa kuti pasapezeke woganiza zokapimitsa azichimwene ndi azichemwali a malemuyo.

Tsono mantha a mwana wanu, akuti akanena ndiye kuti basketball yatha. Nthawi zina zimaterodi, sindikunamizani. Koma si nthawi zonse. Keyontae Johnson wa Florida anagwa chafufumimba pa 12 Disembala 2020 akusewera ndi Florida State, anagona chikomokere masiku angapo, koma anadzasewerera Kansas State ndipo mu 2023 anasankhidwa ndi Oklahoma City Thunder, timu ya mu NBA. Bronny James, mwana wa LeBron James, mtima wake unaima pa 24 Julayi 2023 akukonzekera masewero ku koleji ya USC. Achipatala a timu anali pomwepo, madokotala anapeza kuti anabadwa ndi vuto la mtima n'kulikonza, ndipo mu Disembala chaka chomwecho anali m'bwalo. Mumuuze mayina amenewa, amawadziwa kuposa ine.

Ndiye muchite chiyani?

Muimbireni lero, osati kumulembera pa WhatsApp. Mumuuze kuti asiye kaye kuthamanga ndipo mawa akauze achipatala a timu yake kuti anakomoka ali pa liwiro, anene mawu amenewo ndendende. Akakana, muwauza ndinu, ndipo mumudziwitse kuti mutero. Apemphe kuonana ndi dokotala wa mtima, amupime ECG (yoona magetsi a mtima) ndi echo (yojambula mtima). Inu kunoko funsani akuluakulu a mbali zonse ziwiri ngati alipo wachibale anafa mwadzidzidzi asanafike zaka 50, ngakhale amene ankati anamira kapena anafa kutulo. Funsaninso ngati timu yake ili ndi makina a AED, odzidzimutsa mtima ndi magetsi aja, ndipo ngati amakhala pafupi nthawi yokonzekera masewero, osati pa tsiku la mpikisano lokha.

Ndipo inu nonse owerenga, munthu akagwa popanda womugunda, osayankha, osapuma bwinobwino, musathamangire madzi. Wina aitane thandizo, inu gwadani, ikani manja pakati pa chifuwa, psinjani mwamphamvu masentimita 5 kapena 6, maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi, osaleka mpaka achipatala afike.

Mayi, akwiya nanu, mwina sakuyankhani foni kwa sabata. Amalume anga ali ndi zaka zoposa 70 tsopano, ndipo mpaka lero sindinawauze za kugwa koyamba kuja ndi mandasi awiri aja. Mukamva zotsatira za dokotala, mundilemberenso.