Kodi sikani ya pachifuwa ingaonetse pomwe khansa ya m'mapapo yafika?

Achemwali a ku Area 25, imelo yanu ndaiwerenga katatu ndisanayankhe. Mwati bambo anu awapeza ndi chotupa m'phapo lakumanja, adokotala akuganizira khansa ndipo awalembera CT scan, kujambula mkati mwa thupi ndi makina aakulu a X-ray, koma tsiku lake lili patali ndipo kolipira ndalama zake ndi zambiri. Ndiye mukufunsa ngati sikani wamba, yonga ija amaunikira amayi oyembekezera, ingakwanire kuona ngati matendawa afalikira. Nditawerenga ndinatuluka kaye panja, chifukwa funso lomweli ndinalifunsapo ine ndili pabenchi ya chipatala china muno mu Lilongwe, buku lachipatala la malume anga lili m'manja.

Malume anali a ku Mitundu, mlimi wa fodya, ndipo ali mnyamata anapitako ku Joni pa Theba kukagwira ntchito m'migodi. Chingambwe ankapichira okha, m'mawa ndi madzulo, kwa zaka zoposa 40. Atayamba kutsokomola, kuwonda ndi kutuluka thukuta usiku, mudzi wonse unati ndi TB. Makhololo sanaonetse kanthu, koma X-ray inaonetsa mthunzi, ndiye anawayambitsa mankhwala a miyezi 6. Anamwa mosadumphitsa ngakhale tsiku limodzi, akazi awo akuchonga pakhadi. Mankhwala anatha, chifuwa chili pomwepo, mawu atasasa, phewa likuwawa usiku wonse. Tinabwereranso, ndipo anawayambitsanso mankhwala a TB kachiwiri.

Ulendo woyamba sindidandaula nawo. TB ndi yochuluka kwathu kuno, imapha msanga, ndipo imachizika. Dokotala amene wayamba kuganizira TB sanalakwe. Koma ulendo wachiwiri uja mpaka lero umandiwawa. Munthu wazaka zoposa 60, wosuta, wogwirapo ntchito m'fumbi la mgodi, makhololo osaonetsa kanthu, mankhwala osathandiza, palibe ndi mmodzi yemwe amene anaima n'kufunsa kuti mwina si TB. Ifenso abale tinangoti zikomo adokotala n'kunyamula mapilitsi. Ulemu wathu womwewu umatipweteka. Ndikunena mosapsatira: munthu akamwa mankhwala a TB miyezi iwiri kapena itatu osasintha, gadiyani ali ndi ufulu wofunsa kuti tiyezenso chiyani, ndipo afunse mpaka ayankhidwe.

Tsiku lomwe tinayamba kudziwa zoona, malume anali atagonekedwa chifukwa chobanika. Sankathanso kugona chagada, ankangokhala tsonga atatsamira mapilo. Kunabwera dokotala wina wachinyamata atanyamula kamakina ka sikani kokhala ngati laputopu. Anawapaka mafuta ozizira aja kumsana, n'kuika kachipangizo pakati pa nthiti, ndipo anandiitana kuti ndione. Panali malo akuda bii, ndipo mkati mwake kachidutswa ka phapo kakuyandama, kakugwedezeka ngati nsanza m'chidebe. Anati amenewo ndi madzi, adzadza pakati pa phapo ndi nthiti. Anachonga malo ndi cholembera, analowetsa singano, ndipo munatuluka madzi ofiirira oposa lita imodzi. Usiku umenewo malume anagona tulo koyamba patatha milungu itatu.

Sanalekere pomwepo. Anasunthira kachipangizo kaja m'munsi mwa khosi, pamwamba pa fupa lopingasa lija, n'kupeza mwanabere wolimba yemwe ndi zala sitinkamumva bwino. Anatengapo kachidutswa ndi singano akuyang'ana pasikirini. Kenako anaunika chiwindi. Ine ndi mtima wofuna kumva zabwino ndinafunsa kuti, popeza makinawa akuona zonsezi, bwanji osangounika phapo lonse tidziwe kukula kwa chotupacho? Yankho lake ndimalikumbukirabe. Anati makinawa amaona ndi mawu, mawuwo akagunda chinthu amabwerera. M'madzi ndi mumnofu amadutsa bwino, koma akakumana ndi mpweya kapena fupa amathera pomwepo. Phapo ndi thumba la mpweya. Chotupa chimene chabisala mkati, chitazingidwa ndi mpweya mbali zonse, sikani sichiona. Imaona chokhacho chimene chafika m'mphepete n'kukhudza khoma la chifuwa.

Pa madzi sikani imaposa X-ray kutali. X-ray yojambula munthu ataimirira imayamba kuwaonetsa akafika pafupifupi mamililita 200, pamene sikani imawapeza ngakhale ali ochepa ngati masipuni angapo. Imaonetsanso ngati chotupa chamera m'nthiti kapena m'mnofu wa chifuwa: munthu akamapuma phapo limatsetsereka pansi pa nthiti, ndipo pamene chotupa chamatirira, kutsetserekako kumaima. Imaona madzi ozungulira mtima. Zonsezi ndi nkhani ya kufalikira ndithu. Maselo a khansa akapezeka m'madzi aja, ndiye kuti matenda ali pa siteji 4, yomwe ndi yomaliza. Akapezeka m'mwanabere wa m'munsi mwa khosi, ndi siteji 3 yakumapeto kapena kupitirira, ndipo nthawi zambiri opaleshoni yochotsa phapo sikhalanso njira.

Koma madzi okha si umboni wa khansa, ndipo apa anthu ambiri amalira maliro msanga. TB imadzadzitsa madzi pachifuwa, khansa ya Kaposi nayonso, matenda a mtima chimodzimodzi. Muno mu Lilongwe madokotala a ku Lighthouse, chipatala chothandiza anthu omwe ali ndi HIV, akhala akugwiritsa ntchito sikani yomweyi, m'njira yotchedwa FASH, pofufuza TB mwa anthu omwe ali ndi HIV, ndipo zimene amayang'ana, madzi ndi anabere, n'zofanana ndi za khansa. Amene amasiyanitsa ndi a kulabu. Ndipo kulabunso madzi oyamba amaonetsa maselo a khansa mwa anthu pafupifupi 6 pa 10 alionse amene alidi nayo m'madzimo, choncho kuyeza kamodzi osapeza kanthu sikutseka nkhani.

Za malume zinatuluka patatha milungu itatu: khansa, m'madzi ndi m'mwanabere momwe. Kumudzi ena anayamba kutchulana mayina, kuti awalodza chifukwa cha munda wa kudambo, ndipo banja linagawikana pa nthawi yomwe timafunika kugwirana manja. Zinandipsetsa mtima kuposa matenda enieniwo. Munthu wakhala zaka 40 akumeza utsi wa fodya yemwe ankalima yekha n'kukagulitsa ku Kanengo, wapuma fumbi la mgodi, wakulira m'nyumba ya utsi wa nkhuni, ndiye tikasake mfiti? Khansa ya m'mapapo inapha anthu pafupifupi 1.8 miliyoni padziko lonse m'chaka cha 2022 chokha, kuposa khansa ina iliyonse. Timadya ndalama za fodya, koma za mapapo a olima ndi osuta sitifuna kukamba.

Tsono yankho la funso lanu

Sikani wamba ija ikhoza kukuuzani kuti inde, khansa yafalikira. Singakuuzeni kuti ayi, sinafalikire. Siona anabere a pakati pa chifuwa kuseri kwa fupa, siona tizotupa ting'onoting'ono m'phapo linalo, siona ubongo chifukwa cha chigaza, ndipo mafupa ambiri imawaphonya, chonsecho khansa imeneyi imakonda kuthamangira ku ubongo, mafupa, chiwindi ndi tiziwalo ta pamwamba pa impso. Choncho tsiku la CT scan lija musalitaye, ngakhale wina akuuzeni kuti sikani yatuluka bwino.

Podikira, apempheni adokotala ku Kamuzu Central Hospital kapena komwe mukupita kuti aunike malo atatu: madzi pachifuwa, m'munsi mwa khosi ndi chiwindi. Pakapezeka chofikika ndi singano, atengepo kachidutswa kapite kulabu, chifukwa popanda zotsatira zimenezo a ku Cancer Centre alibe poyambira mankhwala. Tengani ma X-ray onse akale ndi buku lachipatala. Ndipo bambo akayamba kubanika mpaka kulephera kugona chagada, musadikire tsiku lomwe analemba m'bukumo, pitani nawo tsiku lomwelo akawaone ngati ndi madzi. Malume tinawapopa kanayi, ndipo ulendo uliwonse ankabwerera ku Mitundu akutha kuyenda okha kuchoka pakhonde kukafika kukhola la mbuzi zawo.